Dzungu lomaliza la a Zuze

A Zuze tinawaika m'manda Loweruka lapitali. Kumandako analankhula a landilodi, mkulu wa kutchalitchi, ndi bambo wina wa kwawo amene sitinamuonepo chiyambire. Onse ananena kuti malemuwa anali munthu wofatsa, wosakonda zokangana. Ine ndinakhala kumbuyo kwa amayi ndikuyang'ana pansi, chifukwa sizinali zoona. A Zuze sanali ofatsa. Anandimenyapo dzanja ndi kabango ndili Sitandade 3, ndipo anakhalapo zaka osapatsana moni ndi mai Nyirenda a chitseko choyamba. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti palibe ngakhale mmodzi amene anatchula za maungu. Ine sindingathe kuimirira pagulu n'kulankhula, ngakhale m'kalasi mawu amandithawa. Ndiye ndilemba muno m'kope langa, mmene ndimaika zinthu zimene pakamwa pamakana.

Sanali agogo anga enieni. Timakhala pa mdadada umodzi wa nyumba za lendi kuno ku Bangwe, kumtunda kumene minibasi imatembenukira. Chitseko chathu chili pakati, chawo chinali chakumapeto. Kuseri kwa chipinda chawo kuli kamalo kotsetsereka, pakati pa bafa ndi ngalande imene imatsitsa madzi a kuphiri, kamalo kongokwanira mphasa zingapo. A landilodi anawalola kulimapo chifukwa nthawi imeneyo panalibe ntchito ina. Pakamalo kameneko ndi pamene pankatuluka maungu amene anthu ankachokera ku Namiyango kudzangoona. Dzungu limodzi linkakula ngati mtsuko waukulu wofululira mowa. Polichotsa pankafunika amuna awiri ndi wilibala yobwereka.

Anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ine ndisanadziwe kanthu. Anatulukira ku Nsanje, n'kukwera sitima mpaka ku Limbe, ali ndi mwana wawo wamkazi, Luwiza, ndi nthanga za maungu m'thumba la jekete. Mkazi wawo anatsala tsidya lija, ndipo sankanena kuti anatsala motani. Anapeza ntchito ya ulonda pa sitolo ina ku Limbe. Nkhondo itatha anzawo ambiri anakwera malole kubwerera kwawo, koma iwo anakana. Ankati mudzi wawo kulibenso, chimene chinatsala cha mudziwo ndi nthangazo, ndipo zili kale kuno.

Ana a pamdadada tinkawatcha a Takhuta, iwo asakumva. M'Chisena chawo mawu amenewa ndi zikomo. Ukawapatsa madzi akumwa ankati takhuta. Ukawapatsa machesi ankati takhuta. Anyamata ankagwa n'kuseka kuseri kwa bafa, akufunsana kuti madala akhuta bwanji machesi. Luwiza, amene anakulira kuno ndipo Chichewa chake chinali cha m'tauni ngati chathu, ankachita manyazi ndi zimenezi. Ankandiluka tsitsi pakhonde Lamlungu masana, ndipo bambo ake akanena mawuwo ankandikoka tsitsi pang'ono n'kunong'ona kuti, "Iwe, usaseke." Iyeyo sindinamumvepo akuwanena.

Anthu amaganiza kuti chovuta n'kukulitsa dzungu. A Zuze ankati kukulitsa ndi masewera: manyowa a nkhuku, madzi, ndi kuthothola timaungu tina tonse n'kusiya limodzi lokha kuti chakudya chonse chizipita kumeneko. Chovuta n'kulisunga lisawole. Ankati chinthu cholemera chimagonera mbali imodzi, ndipo mbali yogonerayo ndi imene imayamba kufa, pamwamba pakuonekabe bwinobwino. Munthu amene amangoona pamwamba amadzazindikira ndi fungo, zinthu zitatha kale.

Ndiye dzungu likangofika ngati mutu wa munthu, ankalikonzera pogona. Ankatsikira kumtsinje ndi ndowa kukatapa mchenga, n'kuuyanika pa chiguduli mpaka uume. Pansi ankayala zidutswa za njerwa, pamwamba pake mchenga uja, n'kukumba kangalande kozungulira kuti madzi otsika kuphiri azipatuka. Kenako ankazika timitengo tinayi n'kuikapo lata limodzi lakale, lopendekera kungalande. Lata limenelo ankalisamala kuposa jekete lawo. Ntchito yake inali kuletsa mvula kugwera pa chikonyo, chifukwa pamene chikonyo chalumikizana ndi dzungu pamakhala kadzenje, ndipo madzi akagona m'kadzenje kameneko masiku angapo, basi kwatha. Masamba oyandikira ankawadula kuti mphepo izidutsa. Dzungu lenilenilo ankalifunditsa chitenje chakale, kuti ntchentche zimene zimaboola khungu n'kuikiramo mazira zisalipeze. Pulasitiki ankadana nayo. Ankati imachititsa dzungu thukuta.

M'mawa uliwonse akaweruka ku ulonda, asanamwe ndi tiyi yemwe, ankapita kuseri n'kugwada. Ine ndinkawaona pawindo ndikuvala yunifolomu. Ankalowetsa dzanja pansi pa dzungu, kufufuza pang'onopang'ono, n'kulitulutsa n'kununkhiza zala. Ankagunditsa khutu pakhungu n'kugogoda ndi nkhonya. Kenako ankalikumbatira n'kulisuntha pang'ono chabe, kuti lisagonere malo omwewo, koma osapotoza kwambiri kuopa kuthyola chikonyo. Mchenga ukanyowa ankauchotsa n'kuika wouma. Akapeza kabala kofewa, ankakapala ndi supuni mpaka afike polimba, n'kupakapo phulusa la m'mbaula. Supuniyo inkakhala m'thumba la malaya, pamene amuna ena amaika bolopeni.

Lamulo lawo lalikulu linali la chala. Dzungu sililozedwa ndi chala, likalozedwa limawola. Ukafuna kusonyeza mnzako uzisonyeza ndi chibakera kapena ndi chibwano. Ine ndinaphunzira lamuloli ndi kabango kaja. Ndinali nditangoti, "Amayi, taonani!" dzanja lili m'mwamba, ndipo sindinaone kumene a Zuze anatulukira. Mzere wake unakhala pa dzanja langa mpaka mawa lake. Sanapepese. Madzulo anangobweretsa kachidutswa ka nzimbe n'kukasiya pakhomo pathu.

Chaka chimene dziko linkasankha ngati tikhalebe ndi chipani chimodzi kapena zikhale zambiri, zala zinali paliponse. Ena ankaimika chimodzi, ena ziwiri, m'minibasi, pamsika, ngakhale pampopi. Tsiku lina anyamata atatu amene ankayenda khomo ndi khomo anazungulira kuseri, n'kuwapeza a Zuze atagwada.

"Madala, inuyo muli pati?" anafunsa wamtali, akuimika chala chimodzi, kenako ziwiri. "Apa kapena apa?"

"Zala m'thumba," anatero a Zuze osadzuka.

"Aaa, madala, masiku ano zinthu zatchenja. Munthu amalankhula."

"Lankhulani ndi pakamwa. Zala m'thumba. Dzungu langa silivota."

Anyamata anaseka, wina n'kuti, "Koma madala awa ndi a dilu." A Zuze anadzuka, kabango kali m'manja, ndipo sankaseka. Anawauza kuti kwawo anaona anthu akulozana zala, ndipo wolozedwa masana sankagona m'nyumba mwake usiku umenewo. Anyamata aja anaika manja m'matumba, mmodzimmodzi, n'kumapita. Kuchokera tsiku limenelo ndinayamba kukayika ngati lamulo la chala linali la maungu okha.

Akakolola, ankagawira zitseko zonse, chidutswa chachikulu khomo lililonse. Koma asanagawe ankachotsa okha nthanga zonse, n'kupitanso ndi chala m'chidutswa chilichonse kuti pasatsale ngakhale imodzi. Ankazitsuka, kuziyanika padenga, kuzisakaniza ndi phulusa, n'kuzitsekera m'chitini cha mkaka. Sanapatseko munthu. Apa ndi pamene anayambanirana ndi mai Nyirenda, amene amuna awo ndi kalaliki ku ofesi ina ya boma m'tauni. Mai Nyirenda ndi a ku Rumphi, ndipo samaopa munthu.

"Adada, nthanga zochepa chabe," anapempha tsiku lina pakhonde. "Nditumize kwa amama kwathu."

"Akaziwoletsa."

"Iii! Amama ayamba kulima maungu kalekale, ine ndisanabadwe."

"Maungu a nkhwani amenewo. Awa si a ndiwo."

"Nthanga n'za Mulungu, adada, si zanu."

"Mulungu sanazinyamule pa sitima. Ndinanyamula ndine."

Mai Nyirenda anamanga chitenje mwamphamvu n'kunena kuti, "Chabwino. Mudzafa nazo nthanga zanuzo." Chaka chimenecho chidutswa chawo cha dzungu anachibweza.

Luwiza anakwatiwa ku Zingwangwa ndi dalaivala wa lole. Panapita zaka zochepa mwamunayo anamwalira, abale ake anabwera n'kutenga zonse mpaka mapoto, ndipo Luwiza anabwerera kuno ndi chikwama chimodzi. Anali atatha. Makolala a bulauzi ankaoneka ngati a munthu wina. Matendawo palibe ankawatchula dzina, anthu ankangoti matenda omwewa. Inali nthawi imene akalipentala a m'mbali mwa msewu wa ku Limbe anasiya kukhoma mipando n'kuyamba mabokosi, ndipo nyimbo za maliro zinkamveka mbali ziwiri tsiku limodzi. Kuchipatala anamugoneka kanthawi, kenako anawauza a Zuze kuti mukamusamalire kunyumba. Tsiku lina Luwiza atakhala padzuwa pakhonde, atsikana awiri ochokera kumpopi anaima panjira, mmodzi n'kuloza. A Zuze anawathamangitsa ndi kabango komwe kaja mpaka ndowa zinagwa.

Atasiya kudzuka, ntchito yomusambitsa inali ya azimayi, poti bambo sasambitsa mwana wamkazi. Amayi anga ankapita. M'mawa wina mai Nyirenda anatulukira ndi beseni ndi sopo, anadutsa a Zuze pakhomo osapereka moni, n'kulowa. Kuyambira pamenepo ankabwera tsiku lililonse. Koma kutembenuza wodwalayo a Zuze sanalole munthu wina. Ankamutembenuza m'mawa, masana, madzulo, ndipo ntchito ya ulonda anaisiya kuti azimutembenuzanso usiku. Ankalowetsa dzanja kunsi kwa msana kufufuza ngati panyowa. Chitenje chonyowa ankachichotsa n'kuyala chouma, china chili kale pachingwe. Pakati pa mawondo ankaika bulangete lopinda kuti mafupa asakhudzane. Mai Nyirenda anauza amayi pampopi kuti iwo anadwazika alongo awo awiri, onse anapita ndi zilonda kumsana, koma Luwiza msana wake unalibe ngakhale kabala.

Chakudya n'chimene chinavuta. Chilichonse ankabweza. Chimene chinkakhazikika m'mimba mwake ndi phala lothira nthanga zokazinga n'kusinja, mmene mayi ake ankamuphikira ali wamng'ono tsidya lija. A Zuze anatsegula chitini chija. Ankatapa pang'ono, kupeta phulusa, kukazinga pa mbaula, n'kusinja m'kamtondo ka amayi. Fungo lake linkafika m'nyumba mwathu. Tsiku lina amayi anasuzumira m'chitini n'kuona pansi pakuonekera.

"Agogo, musiyeko zobzala," anatero.

A Zuze anatukula chibwano kulozera kuseri. "Zobzala zili m'dzungu."

Chaka chimenecho kuseri kunali dzungu limodzi, monga mwa chizolowezi chawo, ndipo linali kukula kuposa onse amene ndinawaonapo. Chitini chitatha, nthanga zonse za mtundu umenewo zimene zinatsala padziko zinali m'mimba mwa dzungu limenelo, zisanakhwime. Luwiza naye ankalidikira. Ankalimva bambo ake akuligogoda kuseri kwa khoma, ndipo akalowa ankafunsa kuti, "Baba, lakhwima?" Iwo ankati likhwima, iwe uzidya phala.

Ndiye kunabwera mvumbi. Aliyense wa ku Bangwe akukumbukira mvula ya chaka chimenecho. Inkagwa usana ndi usiku osakata, zovala zinkachita nkhungu pachingwe, makoma a nyumba za zidina ankagwa kumunsi kwa msika. Denga la a Zuze linayamba kudontha pamwamba penipeni pa bedi. Anakoka bedi, koma chipindacho n'chaching'ono ndipo konse kunkadontha. A landilodi anati tidzaona mvula ikatha. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu, nditafunda pepala la pulasitiki kumutu, ndinawapeza atakwera pa diramu, akukankhira lata padenga. Linali lata la kudimba. Analiyala pakona pamene panali bedi, n'kulitsendereza ndi miyala. Atatsika anapita kuseri n'kufunditsa dzungu thumba la feteleza, pulasitiki yomwe ija ankadana nayo. Anaima pamvula akuliyang'ana, madzi akutsika m'makutu, kenako analowa kukatembenuza Luwiza.

Bedi linauma. Dzungu linayamba thukuta.

Kabala kanayambira paphewa, pafupi ndi chikonyo. Anakapala ndi supuni n'kupakapo phulusa, koma phulusa linkasanduka matope lisanagwire. Mawa lake anapalanso. Mchenga wouma panalibe poutenga, ndipo anayesa kuumitsa wina m'chiwaya pa mbaula, koma makala omwewo ndi amene ankafunika kuphikira wodwala. Dzenje linkakula, poyamba ngati la supuni, kenako loti nkhonya n'kulowa. Fungo linayamba kumveka tikamapita kubafa. Bambo wina wa chitseko chachiwiri, pofuna kuwatonthoza, ananena kuti ndithu alipo mwana analoza.

"Palibe analoza," anayankha a Zuze. "Lata ndinachotsa ndine."

Nkhani inali yotere, ndipo tonse pamdadada tinkaidziwa. Akalisiya dzungu pamtengo wake masabata ena angapo, mnofu ukanawola wonse, koma mwina nthanga za pakati zikanakhwima n'kupulumuka. Akalidula msanga, mbali imodzi inali idakali yabwino yoti munthu n'kudya, koma nthanga zikanakhala zosakhwima. Ndipo Luwiza anali atasiya ndi phala lomwe. Ankangomwa madzi a pasupuni, koma funso lija sanasiye.

Lachisanu madzulo mai Nyirenda anatuluka m'chipinda muja ndi beseni, anataya madzi m'ngalande, n'kuima kumbuyo kwa a Zuze amene anali atagwada kudimba. Ine ndinali pakhonde ndikutsuka mbale. Aka kanali koyamba kuwalankhula mwachindunji chiyambanirane.

"Adada, mwana uja safika Pasaka."

"Ndikudziwa."

"Safika ndi Lamlungu la mawa lino, mwina."

"Ndikudziwa, mayi."

"Nanga mukudikira chiyani?"

A Zuze anabwezera supuni m'thumba la malaya. Kenako anati, "Nthanga sizinakhwime."

"Nthanga!" anatero mai Nyirenda. Ananena mawu ena m'Chitumbuka amene sindinawamve, n'kunyamula beseni n'kumapita. A Zuze anatsala pomwepo mpaka kunada.

Loweruka m'mawa anagogoda pakhomo pathu n'kubwereka mpeni waukulu wa amayi. Sanaitane amuna awiri aja kapena wilibala. Analidulira pomwepo pa mchenga. Anayamba ndi chikonyo, kenako analing'amba pakati. M'kati munali motuwa, mwamadzimadzi, osati mofiira ngati zaka zina. Anatapa nthanga ndi dzanja n'kufinya imodzi pakati pa zala. Inali yoyera, yopyapyala, ndipo inangotuluka madzi. Anafinya ina, ndi ina. Kenako anapukuta dzanja pa buluku, anadula chidutswa kumbali yakutali ndi bala, n'kupatsa amayi kuti aphike.

Amayi anachiphika mpaka chinafewa, anachipota ndi mthiko, n'kuwazamo shuga pang'ono poti dzungu losakhwima silitsekemera. Tinalowa tonse, ine ndinaima pachitseko. Mvula inkagogoda padenga, ndipo m'mabeseni a pansi munkadontha madzi, koma pabedi panali pouma. A Zuze anakhala kumutu n'kutsamiritsa Luwiza pachifuwa pawo.

"Lakhwima, baba?"

"Lakhwima."

Amayi anamupatsa supuni yoyamba. Anameza movutika, maso ali otseka. Yachiwiri anaisunga m'kamwa nthawi yaitali. Kenako anatembenuza nkhope pang'ono kuyang'ana m'mwamba, kumene kunali chibwano cha bambo ake.

"Takhuta, baba."

Amayi ankadziwa bwino tanthauzo la mawuwo, akhala akuwamva zaka zonsezi. Koma tsiku limenelo anawamva m'Chichewa, chifukwa ankafunitsitsa kuti adye. "Iii, Luwiza, mwakhuta bwanji masupuni awiri?" anatero. "Idyaniko pang'ono, mwanawe, mphika wonsewu ndi wanu."

"Musiyeni, mayi," anatero a Zuze. "Sakunena za m'mimba."

Mai Nyirenda anatuluka panja. Ine ndinayang'ana pansi, pa beseni limene linali pafupi kudzaza. Luwiza anamwalira m'sabata yomweyo, mvula isanakate.

Nthanga zoyera zija a Zuze anaziyanikabe. Anazisakaniza ndi phulusa n'kuziika m'chitini monga kale, ndipo mvula yotsatira itagwa anazibzala zonse. M'mawa uliwonse ankapita kukagwada pa nthaka yopanda kanthu. Sipanamere ngakhale imodzi. Anatuma munthu wina amene ankapita tsidya lija kukagula nsomba kuti akafunsefunse, koma anabwera ndi nthanga wamba za pamsika. Pa Khirisimasi mai Nyirenda anapita kwawo, ndipo pobwera anagogoda pachitseko chakumapeto, atanyamula kanthu kokulunga m'pepala.

"Adada, amama akuti mulandire izi. Ndi za nkhwani chabe."

A Zuze analandira ndi manja awiri. "Takhuta," anatero. Anayang'ana kapepalako kanthawi. "Ndikanakupatsani zija, bwenzi lero mukundibwezera zanga."

"Basi, adada. Zinapita."

Anazibzala. Zinamera, zinayanga mpaka kubafa, zinabala timaungu tambiri tating'onoting'ono. Sanathothole ngakhale kamodzi, sanatikonzere pogona, sanapitenso kumtsinje ndi ndowa. Anatiuza kuti aliyense wofuna nkhwani azithyola. Ana aang'ono ankaloza mmene angafunire, iwo ali pakhonde akungoyang'ana. Kabango kaja sindikudziwa kanapita kuti. Supuni yokha ndi imene inakhalabe m'thumba la malaya, ndipo amayi anaipeza momwemo pochapa zovala zawo sabata yatha, chifuwa cha nyengo yozizira ino chitawatenga.

Dzulo pochokera kusukulu ndinazungulira kuseri. A landilodi ayeza kale malowo ndi chingwe, akuti amangapo chipinda china cha lendi mvula isanayambe, ndipo njerwa zayamba kuunjikidwa pafupi ndi bafa. Timitengo tinayi tija tatsala tiwiri, tina chiswe chinadya. Zidutswa za njerwa zidakali m'bwalo mwake mozungulira, mchenga wambiri unakokoloka, koma pakati pakadali polowa pamene dzungu linkagona. Nkhuku za mai Nyirenda zimasamba fumbi pamenepo. Kangalande kaja kadzaza mapepala a shuga ndi zikonyo za chimanga.

Chitseko chakumapeto n'chokhoma ndi loko watsopano. Pawindo palibe nsalu, ndipo ukasuzumira umaona mabanga anayi pasimenti pamene panali miyendo ya bedi. Lata lija likadali padenga, ndi miyala yake yomwe ija, lachita dzimbiri kuposa anzake. Akuti kumapeto kwa mwezi kulowa banja lina lochokera ku Machinjiri. Mvula ikadzayamba adzapeza kuti chipinda chonsecho chimadontha, kupatula pakona imodzi, ndipo sadzadziwa chifukwa chake.